By Brakhage pa Blu-ray: mafilimu osalankhula, koma ndalama yanga sinapite pachabe

Bokosi la By Brakhage ndinaligula kwa munthu wina wogulitsa zimbale zakale pa intaneti, mlamu wanga n'kubwera nalo kuchokera ku Joni. Ndi la kampani ya Criterion, linatuluka mu 2010. Muli zimbale zitatu ndi mafilimu 56 a Stan Brakhage, mkulu wopanga mafilimu wa ku America amene anamwalira mu 2003.

Ndiyambe ndi chenjezo. Zimbalezi ndi za Region A, zoyendera makina a ku America. Wogulitsa uja anangokhala chete, ndipo makina anga anakana kuziwerenga. Bokosi linakhala pashelefu milungu itatu mpaka nditabwereka makina osasankha chimbale.

Ngati mukufuna nkhani yokhala ndi mutu ndi mchira, ngati zija timaonera ku vidiyo sho, musavutike. Ambiri mwa mafilimuwa alibe mawu ngakhale nyimbo. Mayi a kunyumba anayamba akweza voliyumu mpaka kumapeto, kenako anati, "Bambo, akuberani," n'kupita kukagona.

Ine amene anandigwira mtima ndi Mothlight wa 1963, wosapitirira mphindi zinayi. Brakhage anamupanga popanda kamera. Anatola mapiko a agulugufe ausiku ofera panyale, pamodzi ndi udzu ndi timaluwa, n'kuzimata pakati pa matepi awiri oonekera mkati, kenako n'kuzisindikiza pafilimu. Zikamathamanga pa sikirini, umangokumbukira ngumbi zikuunjirira babu mvula yoyamba itagwa, m'mawa khonde lonse lili mapiko okhaokha. Ndinamuonapo kale pa YouTube, koma kumeneko zonse zimangosanduka phala. Pachimbale ukaimitsa chithunzi, umaona mitsempha ya phiko limodzilimodzi, ndipo usiku wina ndinatha ola lathunthu ndikungodina batani pang'onopang'ono. N'chifukwa chake anthu amasunga zimbale zotere. Mafilimu ena anachita kupenta ndi kukanda pafilimu penipenipo, ndiye chithunzi chilichonse chili ndi zakezake.

Dog Star Man, amene anamupanga kuyambira 1961 mpaka 1964, wandilemera, ndagonapo kawiri. Window Water Baby Moving wa 1959 amaonetsa mkazi wa Brakhage akubereka, osabisa kanthu, choncho onerani ana atagona, ndipo apongozi asakhale pafupi.

Ndapereka nyenyezi zinayi mwa zisanu. Mlamu wanga wapempha kubwereka chimbale chimodzi, ndamuuza kuti azidzaonera konkuno.