Lamba wa pamkono kapena mphasa ya ESD: muyambe kugula chiti?

ESD ndi kuthetheka kwa magetsi odzikundikira m'thupi, komwe kumatha kuwononga zida zamagetsi mukamazikonza. Munthu amamva kuthetheka magetsi a m'thupi akafika mavolti pafupifupi 3,000, pomwe MOSFET (kachipangizo kakang'ono ka m'zida zamagetsi) imatha kupsa ndi mavolti 100 okha, inu osamva kanthu.

Lamba amatsitsa magetsi a m'thupi mwanu. Kachitsulo kake kazikhudza khungu, osati malaya, ndipo waya wopita ku earth (njira yotayira magetsi m'nthaka) akhale ndi resistor (kachipangizo kochepetsa magetsi odutsa) ya 1 megaohm. Wayayu amakonda kudukira mkati osaoneka, choncho muzimuyeza ndi multimeter (chida choyezera magetsi). Potsegula power supply (gawo lopereka magetsi ku chipangizo) kapena TV ya CRT (zija zakale zazikulu kumbuyo), vulani lambayo; ma capacitor a m'kati mwake amasunga magetsi ngakhale mutazimitsa, ndipo angakuvulazeni.

Mphasa imateteza bolodi la zamagetsi ndi zida zili patebulo, koma ikapanda kulumikizidwa ku earth ilibe ntchito. Ndalama zikachepa, yambani ndi lamba, ndi wotchipa.