Makina owotcherera zitsulo a inverter a 200 A patatha miyezi 14

Sabata yatha ndinakatenga makina anga owotcherera zitsulo kwa katswiri wokonza zipangizo zamagetsi, ndipo ndalama zimene ndinalipira zinali pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo umene ndinagulira makinawo. Lisiti limeneli ndi limene landichititsa kulembanso. Nditangowagula ndinawayamikira kuti ndi opepuka, osavuta kuyatsa moto ndiponso otchipa, koma mawu amenewo ndinawanena makinawo asanakumane ndi ntchito yeniyeni, ndipo sindikufuna kuti wina atulutse ndalama zake podalira mawuwo. Makinawa ndi ang'onoang'ono a mtundu wa inverter (opepuka chifukwa alibe thiransifoma yaikulu ngati makina akale), amalowa magetsi a 230 V, ndipo pa bokosi panalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu kuti amafika 200 A, kutanthauza maampeya 200, muyezo wa kuchuluka kwa magetsi amene amatulutsa powotcherera. Ntchito yanga ndi yopanga mageti, mafelemu a mawindo ndi a zitseko, komanso kulumikiza zitsulo zothyoka zimene anthu amabweretsa.

Zabwino zake zilipo ndipo sizinasinthe. Ndimawanyamula ndi dzanja limodzi ngakhale pokwera makwerero. Mbali ya hot start imathandiza kuti moto uyake msanga, ndipo ndodo yowotcherera ikamatirira pa chitsulo, makinawo amachepetsa okha magetsi kuti isafiire. Ndi ndodo za E6013 sindinadandaulepo: za 2.5 mm zimayenda bwino pakati pa 70 A ndi 85 A, za 3.2 mm zimafuna pafupifupi 110 A, msoko umatuluka wosalala, ndipo makoko a pamwamba pake nthawi zambiri amatukuka okha chitsulo chikayamba kuzizira.

Nambala ya 200 ija ndi imene inayamba kundikayikitsa. M'mwezi wachitatu ndinalandira ntchito ya zitsulo zochindikala 10 mm, ndinagula ndodo za 4.0 mm, ndipo ngakhale ndinapotoza kabatani mpaka kumapeto, moto unali wofooka ndipo sunkalowa mkati mwa chitsulo. Mnzanga wina wa zamagetsi anabwera ndi mita yopanira pa chingwe, ndipo pamene kagalasi ka makinawo kankaonetsa 200, mita yake inkasewera pafupi ndi 145 A. Iye anandiwerengera papepala kuti powotcherera ndi ndodo, mphamvu ya moto imayerekezedwa potenga 20 V ndi kuwonjezerapo 0.04 V pa ampeya iliyonse, kotero kuti 200 A imafuna 28 V, zomwe ndi 5,600 W. Pa magetsi a 230 V zimenezi zimaposa 24 A tisanawerengere mphamvu yotayika mkati mwa makina, pomwe pulagi imene inabwera ndi makinawo ndi ya 16 A. Kachitsulo ka manambala komatidwa kumbuyo kwa makinawo kamanenanso kuti duty cycle ndi 60% pa 200 A, kutanthauza mphindi 6 zowotcherera pa mphindi 10 zilizonse, ndipo malinga ndi muyezo wa IEC 60974-1 zimenezi zimayesedwa pa kutentha kwa 40 °C. Kwa ine, ndodo zitatu zokha za 4.0 mm zotsatizana zinali zokwanira kuyatsa getsi lachikasu losonyeza kuti makina atentha kwambiri ndipo adzimitsa.

Vuto limene linandisautsa kwa miyezi yambiri linali la ndodo za E7018. Pa zitsulo zonyamula katundu wolemera ndimakonda ndodo zimenezi, popeza 70 ya pa dzinalo ikuimira msoko wopirira kukokedwa mpaka 70,000 psi (mapaundi pa sikweya inchi iliyonse), pomwe 60 ya E6013 ikuimira 60,000 psi, komanso chifukwa zimasiya haidrojeni wochepa mu msoko, zomwe zimachepetsa ming'alu. Poyamba misoko inkatuluka ndi timabowo ngati chisa cha njuchi, ndipo apa wolakwa ndinali ine. Ndinkasiya paketi yotsegula pa shelefu, osadziwa kuti chikutiro cha ndodo zimenezi chimayamwa chinyontho cha mumpweya, ndipo zikanyowa zimafunika kuumitsidwanso mu uvuni wake pa kutentha kwa pafupifupi 300 °C mpaka 350 °C kwa ola limodzi kapena awiri. Uvuni wotere ndilibe, choncho ndinayamba kugula mapaketi ang'onoang'ono omata bwino ndi kutsegula pa tsiku la ntchito lokha. Ndinaonetsetsanso kuti chogwirira ndodo chili ku chizindikiro cha + ndipo chingwe cha earth, chimene chimapanidwa pa chitsulo chowotchereredwa, chili ku chizindikiro cha −, monga mmene ndodozi zimafunira. Timabowo tinatha.

Kumatirira kokha ndi kumene kunakana kuchoka. Ndikangoyamba ntchito m'mawa zonse zinkayenda bwino, koma pakatha mphindi 15 moto unkayamba kuchita ngati ukutsamwa, ndodo inkakakamira pa chitsulo, ndipo ndikawonjezera maampeya vutolo linkachoka kwa kanthawi n'kubwereranso. Ndinasintha ndodo, ndinapala dzimbiri pamalo opanira earth mpaka chitsulo kuwala, ndinasiyanso chingwe chowonjezera cha 1.5 mm² chimene ndinkachigwiritsa ntchito chili chokulunga n'kugula cha 2.5 mm² chachifupi. Chilichonse chinathandiza pang'ono, koma palibe chimene chinathetsa vutolo, ndipo panthawi imeneyo ndinafika poganiza kuti dzanja langa ndi limene layamba kunjenjemera. Tsiku lina ndikusuntha chopanira cha earth ndinagwira chingwe chake ndi dzanja lopanda gulovu, ndipo chinandiotcha. Nditachidula kumapeto ndi kupala timawaya take ndi mpeni, mtundu wofiira wa kopa unachoka, mkati munaoneka moyera. Chinali chingwe cha aluminiyamu wokutidwa ndi kopa pamwamba pokha. Aluminiyamu amadutsitsa magetsi pafupifupi 61% poyerekeza ndi kopa wa kukula komweko, ndipo pamalo olumikizira amakhwepa akamatentha ndi kuzizira mobwerezabwereza, choncho mphamvu yambiri inkathera potenthetsa chingwe isanafike ku ndodo.

Nditaika zingwe za kopa weniweni za 25 mm² ndi chopanira cholimba cha brass, makinawo anasintha kwambiri moti ndinadabwa. Ndodo za E7018 za 3.2 mm zinayamba kuyenda mosadukiza pa 120 A, ngakhale powotcherera mokwera, ndipo kwa miyezi inayi ndinkauza aliyense wondifunsa kuti makinawa ndi abwino, zingwe zake zokha ndizo zachabechabe. Ndodo za E6010 zokha ndi zimene zinakanabe, moto wake unkangozima, koma ma inverter ambiri ang'onoang'ono amalephera ndodo zimenezi, ndipo sindinaziwerengere ngati mlandu.

M'mwezi wa 11, ndili pakati pa geti la kasitomala, mkati mwa makinawo munamveka kuphulika, kenako fungo la chinthu chopsa, ndipo buleka ya magetsi inagwa. Popeza galanti inali ya miyezi 12, ndinawabweza kwa wogulitsa ndili ndi lisiti m'manja, mtima uli m'malo. Anawasunga masabata 7. Ndikaimba foni ankati amisiri awo akuwaonabe, ndipo pamapeto pake anandiyankha kuti: "Bambo, galanti yathu sikhudza zowonongeka chifukwa cha fumbi, komanso inu munasintha zingwe zimene tinakupatsani." Ndinawaonetsa kachidutswa ka chingwe cha aluminiyamu chija ndi kuwafunsa kuti, "Kodi bwana, mukanakhala inu mukanapitiriza kugwira ntchito ndi chingwe chootcha m'manja?" Sanayankhe funsolo, anangoti angandichotsereko pang'ono ndikafuna kugula makina atsopano.

Katswiri amene anawakonza anandionetsa zimene zinachitika. Ma IGBT awiri, amene ndi timasiwichi tamphamvu totsegula ndi kutseka magetsi kambirimbiri pa sekondi iliyonse, anapsa limodzi ndi tizipangizo tina towayendetsa. Fani inkakoka fumbi la chitsulo lochokera ku gulayinda n'kuliunjika pa bolodi la tizipangizo ta magetsi mkati mwa makinawo, ndipo popeza bolodilo linalibe vanishi yoteteza, fumbilo linalumikiza njira za magetsi zimene siziyenera kukhudzana. Mbali ina ya mlanduwu ndikuivomera, chifukwa ndinkagaya zitsulo makinawo ali pansi pafupi ndi mapazi anga. Chimene chimandiwawa n'chakuti kabuku ka makinawo kamalangiza kuuzira fumbi mkati ndi mpweya wouma pafupipafupi, pomwe wogulitsayo anamata kapepala pa sikuluwu ya chivundikiro kolembedwa kuti kakang'ambika galanti yatha. Ndinasunga kapepalako osakang'amba kuti ndisataye galanti, ndipo fumbi limene kanandiletsa kuchotsa ndi limene ananditayira nalo galantiyo.

Ndikaphatikiza zingwe, chopanira, ndalama yokonzetsera ndi imene ndinalipira pobwereka makina ena m'masabata amene anga anali kwa wogulitsa, zonse pamodzi ndi mtengo wogulira zikufika pa mtengo wa makina a 160 A a kampani yodziwika amene ndinawasiya tsiku logula poganiza kuti ndikupulumutsa ndalama. Masiku ena, msoko ukatuluka bwino, ndimaona kuti munthu wowotcherera mwa apo ndi apo ndi ndodo za 2.5 mm ndi 3.2 mm akhoza kukhutira nawo, bola awatenge ngati makina a 130 A, asinthe zingwe tsiku loyamba ndipo afunse molembedwa ngati kutsegula chivundikiro pofuna kuchotsa fumbi kumathetsa galanti. Masiku ena ndikayang'ana lisiti la katswiri uja sindifuna n'komwe kuwatchula. Kwa wogulitsa ameneyo sindidzagulanso ngakhale ndodo imodzi. Pakali pano makinawo ndawaika pa shelefu kutali ndi gulayinda, katswiri uja anapaka vanishi pa bolodi, ndimawatsegula mwezi uliwonse nditawazula ku magetsi ndi kudikira kuti makapasita, tizipangizo tosunga magetsi mkatimo, atsitse mphamvu, ndipo kabatani sindikupitirira nako pa 130. Dzulo wogulitsa uja wanditumizira uthenga wonena kuti kwafika mtundu watsopano wa 250 A wa pulagi yomweyo ya 16 A, ndipo sindinauyankhe.