Vayirasi ya ziweto kapena ya anthu: iti yolimbana ndi khansa?

Asayansi akuphunzitsa mavayirasi kupha maselo a khansa, ndipo njira zake ndi ziwiri.

Yoyamba ndi kutenga vayirasi ya nyama, monga ya chitopa cha nkhuku, myxoma ya akalulu, kapena VSV ya ng'ombe ndi mahatchi. Mwa munthu imalephera kuchulukana m'maselo abwino, koma m'maselo a khansa, omwe chitetezo chawo cholimbana ndi mavayirasi (chotchedwa interferon) chinafooka, imaswana mpaka selo kuphulika.

Yachiwiri ndi kufooketsa vayirasi ya anthu. T-VEC, yochokera ku vayirasi ya zilonda za pamilomo, inavomerezedwa ku America mu 2015 pa khansa ya pakhungu ya melanoma. Dokotala amaibaya m'chotupa mwenimwenimo.

Pa chitetezo cha thupi, ya nyama ili ndi mwayi: ambirife matupi athu sanakumanepo nayo, choncho sathamangira kuiwononga. Ya anthu, thupi limaidziwa kale.

Zikavuta, T-VEC imagonja ku mankhwala a acyclovir. Ya chitopa ilibe mankhwala otere, ndipo mtundu waukali utapulumukira m'khola, nkhuku zikhoza kutha psiti. Izi zimandidetsa nkhawa kwambiri.

Mtengo: T-VEC ndi yodula zedi, imasungidwanso pa -70°C kapena pozizira kuposa apo. Za nyamazi zikadali pa kafukufuku.

Wa melanoma yosatheka kuchotsa ndi opaleshoni afunse dokotala za T-VEC. Ya nyama ndi ya yemwe walandiridwa m'kafukufuku wovomerezeka, chithandizo china chitakanika. Wokugulitsani jakisoni wotere kunja kwa kafukufuku, mukaneni ndithu.