Maphunziro a pa intaneti a gitala ya fandango de Huelva: nyenyezi 4 mwa 5

Patha miyezi itatu chigulireni maphunzirowa, ndiye ndati ndilembeko zomwe ndaona. Ndi mavidiyo a aphunzitsi ena a ku Huelva, kummwera kwa Spain, ndipo ine ndinagula gawo la fandango lokha, mtundu wina wa nyimbo za makolo za kumeneko zotchedwa flamenco.

Gitala ndinaiphunzirira ku kwaya. Pa makodi a C, F, G ndi Am zala zimapita zokha ngakhale nditatsinzina. Nditatsegula phunziro loyamba n'kupezamo Am, G, F, E, ndinangoti ndalama zanga zalowa m'madzi. Ndinalakwitsa. Makodi ndi omwewo ndithu, koma pofikira ndi posiyana. Khutu la munthu wa kwaya likamva E limadikira kuti nyimbo ibwerere ku Am. Mu fandango E ndiye pakhomo: F amakoka, E n'kukhazika mtima pansi. Aphunzitsiwa anathera vidiyo yathunthu pa makodi awiri okhawa, ndipo anaonetsa kagwiridwe ka F kosiya nsambo ziwiri zing'onozing'ono zikulira zosapanidwa. Tsiku limenelo ndi pomwe gitala yanga inayamba kumveka ngati ya ku Andalucía, chigawo chimene kuli Huelva. Kuimbira pa E chonchi eni ake amati por arriba.

Chimene chandikhutiritsa kwambiri ndi gawo la copla, ndime imene woimba amaimba. Nthawi zambiri imakhala ya mizere isanu, koma umodzi amaubwereza, ndiye zigawo zimakwana 6. Woimba akangotsegula pakamwa, gitala imachoka ku E n'kulowa mu C. Gawo loyamba mumadzera pa G7 n'kutera pa C, lachiwiri pa F, lachitatu pa C, lachinayi pa G7, lachisanu pa C, ndipo lomaliza limadzera pa F n'kukagwera pa E. Papepala n'zosavuta. Koma aphunzitsiwa sanatisiye ndi pepala. Anajambula woimba yekha, popanda gitala, kuti ifeyo tizimuperekeza. Apa ndinavutika zedi. Ku kwaya wa gitala ndiye amatsogolera, oimba n'kumamutsatira. Kuno n'zotembenuka: woimba akakoka liwu, wa gitala amadikira, ndipo amasintha kodi pokhapokha liwulo likatera. Masabata oyamba ndinkangothamanga, kufika pa C mwini nyimbo adakali m'njira.

Ndinakondanso kuti sanangoti fandango ndi imodzi. Anafotokoza kuti ya ku Huelva imayenda ndi kugunda kutatukutatu, pomwe zimene amati fandangos naturales zilibe kugunda kokhazikika. Anatchula mudzi wa Alosno, umene anthu amauona ngati chimake cha nyimbozi, kwawo kwa woimba Paco Toronjo amene anamwalira mu 1998. Nditamvetsera kaimbidwe ka kumeneko, ndinamvetsa chifukwa chake amalimbikira kuti dzanja lamanja lisaime.

Nyenyezi imodzi ndaichotsera pa dzanja lamanja lomwelo. Kamera nthawi zambiri imaloza kumanzere, kumene kuli makodi oti aliyense amawadziwa kale, pomwe ntchito yeniyeni ili kumanja. Rasgueado, kumene zala zimatambasuka chimodzichimodzi pa nsambo, amakuonetsa mothamanga ngati mukukudziwa kale. Ndinkachita kuchepetsa liwiro la vidiyo n'kubwereza kambirimbiri, ndipo bandulo inkatha ndisanagwire kanthu. Mavidiyowa satheka kuwasunga pa foni, zomwe n'zosautsa kwa munthu wogula intaneti pang'onopang'ono. Mawu a Chingerezi a pansi pa vidiyo nawonso penapake amatsalira m'mbuyo.

Chinanso, pa tsamba logulira sanalembe kuti pafunika gitala ya nsambo za nayiloni. Yanga inali ya nsambo zachitsulo, ndipo pomatha sabata zikhadabo ziwiri zinali zitathyoka. Ndinabwereka ya nayiloni kwa mnzanga, koma poti mu fandango mumagogodanso thabwa la gitala ndi chala, chimene amati golpe, ndinaikanda pafupi ndi bowo. Magitala a flamenco amakhala ndi kapulasitiki kotetezera malowo, kotchedwa golpeador. Izi anazitchula mu phunziro lachisanu, ine nditapalamula kale.

Ngati mumasintha makodi osayang'ana zala, gulani, simunong'oneza bondo. Ngati mukungoyamba kumene gitala, dikirani kaye, chifukwa sakuphunzitsani kugwira F. Ineyo pano ndimatha kuperekeza copla yathunthu osamusiya woimba m'mbuyo, kapo (kachipangizo kopanira nsambo zonse) ili pa fureti yachiwiri monga amaikira mu vidiyo. Gawo lotsatira ndi la por medio, pomwe zonse zimasamukira ku Dm, C, B♭ ndi A. Ndidzaligula ndikapeza gitala yangayanga ya nayiloni, chifukwa mnzanga uja akuifuna yake.