Ma argument a ViewModel: mu XAML kapena kudzera mu DI (dependency injection)?

Tinene kuti mukupanga ka app ka shopu ya ku Mbare ku Harare, mitengo ikuoneka mu USD komanso mu ZiG, ndalama ya ku Zimbabwe, ndiye ViewModel yanu, class yosunga data imene windo limaonetsa, ikufuna service yobweretsa reti ya lero ndi database ya katundu, zonse zilowe kudzera mu constructor. Mukangoika MitengoViewModel mkati mwa Window.DataContext, XAML, markup yolembera maonekedwe a windo, imakana nthawi yomweyo, iyo imafuna constructor yopanda kanthu mkati. Njira zothawira zilipo koma sizofanana ayi.

x:Arguments inabwera ndi XAML 2009 ndipo mu .NET MAUI, framework ya ma app a pa foni ndi pa kompyuta, imagwira bwinobwino ngati mmene inkachitira mu Xamarin.Forms, mumaika x:String kapena x:Int32 mkatimo basi zatheka. Koma a WPF, framework ya ma app a Windows, musadzivute, XAML yanu imasanduka BAML, mtundu wake wa binary, pokompaila ndipo BAML sidziwa za 2009 zija.

Kwa inu a WPF kuli ObjectDataProvider, mumaipatsa ObjectType kenako ConstructorParameters, nkumangirira DataContext pa StaticResource. Imagwira, inde, koma mizere ngati khumi kuti mungopereka mawu oti "USD", ndipo mukasintha dongosolo la ma argument mu C# compiler ili zii, mudzazindikira app ikuthamanga kale, windo lili mbee kasitomala akudikira chenji. Ndiye njira ziwirizi vuto lake ndi limodzi, zimakwanira ka nambala kapena ka mawu, koma service ya reti ija imene nayonso ikufuna HttpClient yake muiika bwanji mu markup?

Ine ndimakondera kuti XAML isamapange ViewModel nkomwe, ntchitoyo isiyidwe kwa DI, imene imapanga ma object nkuwapereka ku constructor yokha. Mu MAUI mumalembetsa peji ndi ViewModel yake mu MauiProgram.cs ndi builder.Services.AddTransient, constructor ya peji ilandire ViewModel, BindingContext = vm, zatha. Mu WPF ndi chimodzimodzi ndi Microsoft.Extensions.DependencyInjection, kungoti muchotse StartupUri mu App.xaml nkutsegula windo nokha mu OnStartup, apo ayi WPF idzafunanso constructor yopanda kanthu ija. Phindu lake limaoneka magetsi akazima ndipo intaneti palibe, mumasintha mzere umodzi nkuika service yabodza yokhala ndi reti yokhazikika, kutesta nkumapitirira pa batire la laputopu.

Ena amati code-behind, C# ya kuseri kwa peji, ndi tchimo mu MVVM (Model-View-ViewModel), aaa mzere umodzi wa BindingContext = vm uja sunaphepo munthu. Ngati ukukunyansanibe tengani library ya Prism, ViewModelLocator.AutoWireViewModel="True" imapeza ViewModel potengera dzina la View, koma mukalakwitsa dzina kapena foda simuona error, ma binding amangokhala opanda kanthu. Locator ya MVVM Light musayambe nayo pa pulojekiti yatsopano, inasiyidwa, anthu anasamukira ku CommunityToolkit.Mvvm.

Chimene DI imakulandani ndi designer, sadziwanso mtundu wa DataContext ndiye IntelliSense ya ma binding imasowa. Ikani d:DataContext ndi d:DesignInstance mu WPF, kapena x:DataType mu MAUI, yomwe imakupatsaninso ma compiled binding, dzina la property likalakwika mumauzidwa pokompaila pomwe.