Ndemanga: onyamula zikwama pa Camino, kuchoka ku Sarria kukafika ku Portomarín

Nyenyezi zinayi mwa zisanu.

Ulendo wopatulika wa Camino, wopita ku Santiago de Compostela m'dziko la Spain, ndinauyamba bondo lakumanzere likundivuta kale. Usiku woyamba ku Sarria, mayi woyang'anira nyumba yogona alendo atandiona ndikutsika masitepe chogwira khoma, anandipatsa kaenvulopu ka onyamula zikwama. Anati ndilembepo dzina, nambala ya foni ndi komwe ndikagone mawa lake, ndiikemo ndalama, ndikamangirire pachikwama. Chikwamacho umachisiya pakhomo 8 koloko isanakwane, galimoto imadzatenga. Mtengo wake sunafike n'komwe pa wa chakudya chamasana.

Ndinayamba ndazengereza. Mumtima ndinkati paulendo wopatulika munthu amasenza yekha mtanda wake, nanga kutula katundu kwa wina si kudzinamiza? Koma opereka chikalata cha Compostela, chotsimikiza kuti ulendowu waumaliza, safunsa za chikwama. Iwo amafuna uyende wapansi makilomita 100 omaliza, ndipo kabuku kako ka paulendo, kotchedwa credencial, kazidindidwa kawiri patsiku. Ndinalipira.

Tsikulo ndi la makilomita pafupifupi 22. Ndinanyamuka kuli chifunga, m'kachikwama muli madzi, nthochi, jasi lamvula ndi kolona basi. Mvula ya ku Galicia, chigawo cha Spain chimene njirayi imadutsa, ndi yamvumbi, siigwa mwaukali koma siikata msanga. Njira imadutsa pansi pa mitengo ya thundu, pakati pa mipanda yamiyala yomera ndere, m'timidzi tonunkha ndowe za ng'ombe. Pakhomo pambiri pali nkhokwe zazitali zokhazikidwa pa mizati yamiyala kuti makoswe asakwere, ndipo nditaziona ndinakumbuka nkhokwe ya agogo ku Dedza, misozi inalengeza. Kuchokera pa tchalitchi cha Barbadelo mpaka pamwala wosonyeza kuti kwatsala makilomita 100 kukafika ku Santiago ndinapemphera kolona yonse osasokonezeka, ndikutchula mayina a abale anga mmodzimmodzi. Ndikanasenza chikwama chija, maganizo onse akanakhala pa bondo. Ichi n'chimene ndinagula ndi ndalama ija, ndipo sindikudandaula.

Mtsetse wolowera ku Portomarín ndi wovuta, kenako pali mlatho wautali pa mtsinje wa Miño, ukawoloka masitepe ataliatali akukudikira. Mudzi wakale unamira atamanga damu la Belesar, ndipo tchalitchi cha San Nicolás anachiphwasula n'kukachimanganso pamtunda, mwala ndi mwala. Manambala amene analemba pamiyalapo pochiphwasula akuonekabe. Ndinakhala nthawi ndithu ndikuwayang'ana.

Chikwama ndinachipeza chitafika kale, palibe chinasowa. Nyenyezi imodzi ndachotsa pa zifukwa ziwiri. Anachiunjika ndi zina zambiri m'khonde lopanda woyang'anira, mbali imodzi itanyowa, moti masokosi a mawa lake ndinachita kuumitsa usiku. Chinanso, pakaenvulopu kawo sanalembepo kuti nyumba zogona za boma la Galicia sizilandira zikwama zobwera pagalimoto, komanso sizisungira munthu malo. Ine ndinkafuna kukagona m'nyumba yotereyi ku Palas de Rei, ndiye ndinataya madzulo onse ndikuimba foni kufuna kwina, thupi litatheratu.

Anzanga amene msana kapena mawondo akukuvutani, musachite manyazi, apatseni onyamulawa chikwama chanu. Koma pasipoti, mankhwala ndi credencial zikhale pathupi panu, ndipo zovala muzikulunge m'jumbo musanatseke chikwama. Ine ndinawapatsanso changa masiku anayi otsalawo, mpaka ku Santiago.