Sitima yokaona ma orca ku Antarctica: funsani kaye za katswiri

Mukafuna kukwera sitima ya alendo yochoka ku Ushuaia, m'dziko la Argentina, kupita ku Antarctica kukaona ma orca (anamgumi olusa, akuda ndi oyera), musayambe ndi kufunsa za chakudya kapena kukula kwa chipinda. Funsani ngati m'sitimamo muli katswiri wa anamgumi. Imene ndinakwera ine inali naye, mayi wodekha wosasiyana ndi kamera yake, ndipo ndalama zanga sizinalowe m'madzi chifukwa cha iyeyu.

Anatiletseratu kumangoti "taona orca" basi. M'mabuku onsewa ali pa dzina limodzi, Orcinus orca, koma m'nyanja za kumeneko muli magulu A, B, C ndi D, osiyana maonekedwe ndi zakudya zomwe. Ku Gerlache Strait, mpata wa nyanja wa ku Antarctica, tinakumana ndi a gulu B a mtundu wochepa thupi. Ine ndinkayembekezera nyama yakuda bii ndi yoyera mbee, koma amene anavuuka pafupi ndi bwato lathu anali otuwa, achikasuchikasu ngati achita dzimbiri. Mayiyo anafotokoza kuti ndi ndere zing'onozing'ono zomera pakhungu m'madzi ozizira, ndipo ma orca a gulu B amasambira mpaka kumadzi ofunda a kufupi ndi Uruguay ndi Brazil n'kubwerako. Asayansi amaganiza kuti amapita kukafundula khungu. Anzawo a mtundu wokula thupi a gulu lomweli amasaka akatumbu a m'nyanja mogwirizana: amandandalika, n'kuutsa funde logwetsa katumbu pachibenthu cha ayezi. A gulu C, ochepa thupi kuposa onse, amapezeka ku Ross Sea, mbali ina ya Antarctica, ndipo amadya nsomba. Kafukufuku wa DNA wa mu 2010 anapereka ganizo lakuti B ndi C aziwerengedwa ngati mitundu paokha. Nditawaona ndi maso angawa, ganizolo ndikulimvetsa.

Chinandipweteka n'chakuti kampani ya sitimayi inaika chithunzi cha gulu D potsatsa ulendowu, ngati kuti tikawaonadi. Amenewa ali ndi mutu wobulungira, ndipo banga loyera la pafupi ndi diso ndi kakang'ono zedi. Anadziwika mu 1955 pamene 17 anatsakamira pagombe ku Paraparaumu, ku New Zealand, ndipo zinatenga mpaka Januwale 2019 kuti wasayansi Robert Pitman ndi anzake awapeze kufupi ndi Cape Horn, kunsonga ya kumwera kwa South America, n'kutengako tizidutswa ta khungu. Nyama yosowa chonchi sungamulonjeze nayo kasitomala. Ife sitinaione.

Chinanso, phunziro la ma orca analiika tikuwoloka Drake Passage, nyanja ya mafunde ya pakati pa South America ndi Antarctica, ambiri ali gone m'zipinda ndi chizungulire. Tinachita kupempha kuti alibwereze.

Ulendowu ndi wodula, komabe kwa wokonda nyamazi ndikuti pitani. Tengani mankhwala a nseru, zoonera patali ndi kamera yokoka bwino. Pojambula lunjikani banga la padiso, chipsepse cha pamsana ndi kutuwa kwa kumbuyo kwake, chifukwa ndi zimene ofufuza amazindikirira gulu ngakhalenso nyama iliyonse payokha. Zithunzi zathu mayi uja anazisonkhanitsa kuti azitumize kwa ofufuzawo.